Ampu ya besi gitala: ya ma tube kapena ya solid-state, kusiyana kwake kuli pati?

Pali kankhani kamene kamazunguza mitu anthu ambiri akafuna kugula ampu ya besi, makamaka amene apatsidwa udindo wogula zida za bandi ya kutchalitchi, kapena amene akufuna kutumitsa kwa m'bale wawo ali ku Joni kapena ku UK. Mupeza ampu ina yalembedwa mawatsi 300, kulemera kwake pafupifupi makilogalamu 40, mtengo ndiye osanena, pambali pake pali ina yalembedwa mawatsi 800 koma ikukwana mu chikwama cha laputopu ndipo mtengo wake ndi wotsika kangapo. Nde munthu umadzifunsa kuti wamisala apa ndi ndani, wogulitsa kapena wogula? Ukafunsa oyimba akale ena akuuza kuti ampu yeniyeni ndi ya ma tube zinazi ndi zidole, ena akuti ayi zimenezo ndi zachikale ndipo zidzakuthyola msana pachabe. Onsewa ali ndi kanthu kena koona, kungoti aliyense akuyankhula poona pomwe iye amayimbira, nde tiyeni tiziyale bwinobwino.

Ampu imatani kwenikweni

Pansi pa nsambo za besi pali timaginito tokulungidwa ndi kawaya kopyapyala, timene amati ma pickup. Nsambo ikamanjenjemera, ma pickup aja amatulutsa kamagetsi kochepetsetsa kotsanzira kanjenjemeredwe ka nsamboyo, koma kamagetsi kameneka sikangasunthe sipika ngakhale pang'ono. Ntchito ya ampu ndi kukakuza basi. Imachita izi m'zigawo ziwiri, gawo loyamba amati preamp, ndi pomwe pali tozungulitsa ta gain, bass, mid ndi treble, ndipo ndi pomwe mawu amaumbidwa. Gawo lachiwiri amati power amp, ili ndiye lamphamvu, limatenga mawu oumbidwa kale aja n'kuwapatsa nyonga yokankhira sipika. Musaiwale zigawo ziwirizi chifukwa mkangano wonsewu uli pa funso loti m'gawo lililonse mwaikidwa chani, tube kapena transistor.

Besi imavuta kuposa gitala wamba pa chifukwa chimodzi. Nsambo yaikulu ya besi ya nsambo 4, ya E ija, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi, ya B pa besi ya nsambo 5 ka 31, pomwe nsambo yaikulu ya gitala wamba ndi ka 82. Mawu otsika chonchi amafuna kuti sipika ikankhe mpweya wambiri zedi, komanso khutu la munthu silimva bwino mawu otsika poyerekeza ndi apakati. Nde woyimba gitala atha kugonthetsa holo yonse ndi mawatsi 30, pomwe wa besi mu bandi yomweyo akufunika 200 kapena 300 kuti angomveka pakati pa madiramu ndi kiyibodi. Ichi ndi chifukwa chake oyimba besi ambiri anasamukira ku solid-state msanga pomwe anzawo a gitala akadakakamirabe ma tube mpaka pano, mawatsi 300 a ma tube ndi chimtolo.

M'kati mwa tube mumachitika zotani

Tube ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya, ku Britain amakatchula valve. Amene munaonako mawailesi akalekale aja omwe munkayatsa n'kudikira kaye kuti atenthe asanayambe kuyankhula, ndi zomwezo. M'katimo muli kawaya kotenthetsa, nthawi zambiri ka mavoti 6.3, kamene kamatenthetsa kachitsulo mpaka kayambe kutulutsa ma electron, tinthu tosaoneka ndi maso tonyamula magetsi. Ma electron aja amakokedwa ndi chitsulo china chomwe chili ndi magetsi amphamvu kwambiri, mavoti mazanamazana, ndipo pakati pa ziwirizi pali kawaya kolukidwa ngati sefa komwe amati grid. Kamagetsi kochepa ka gitala kaja kamalowera pa grid, ndipo kakasintha pang'ono chabe, kuchuluka kwa ma electron odutsa kumasintha kwambiri. Kukuza mawu kwake ndi kumeneko. Nzeru imeneyi ndi ya Lee de Forest wa ku America, ya mu 1906.

Mu preamp mumakhala timatube tating'ono, totchuka kwambiri ndi 12AX7 yomwe ku Ulaya amailemba ECC83. Mu power amp ndiye mumakhala zikuluzikulu, 6550, KT88, 6L6 kapena EL34. Koma pali vuto, ma tube amagwira ntchito ndi mavoti ambiri koma mphamvu yoyenda yochepa, pomwe sipika imafuna zosemphana ndi zimenezo, nde pakati pawo pamayenera kukhala thiransifoma yomasulira. Thiransifoma yoti idutse mawu otsika a besi pa mawatsi 300 popanda kutsamwa imayenera kukhala chichitsulo chachikulu, kuphatikizanso ina ya magetsi olowa, kulemera konse kuja kumachokera pamenepo osati pa magalasi.

A kampani ya Fender anatulutsa besi gitala yotchedwa Precision Bass mu 1951 ndipo chaka chotsatira anabweretsa ampu yake, Bassman, yomwe chodabwitsa n'chakuti inadzakondedwa kwambiri ndi oyimba gitala wamba mpaka a Marshall ku England anatengera kapangidwe kake popanga JTM45 mu 1962. Ampeg anatulutsa B-15 mu 1960, kaampu ka mawatsi 25 mpaka 30 ka sipika imodzi ya mainchesi 15 kamene kanalowa m'masitudiyo ambiri. Koma pamene mabandi anayamba kuyimba m'mabwalo akuluakulu zimenezi zinachepa, nde mu 1969 Ampeg anatulutsa SVT, mawatsi 300, ma tube akuluakulu 6 mu power amp, ndi chibokosi cha masipika 8 a mainchesi 10 cholemera makilogalamu oposa 60 pachokha. A Rolling Stones anaitenga pa ulendo wawo wa ku America chaka chomwecho. Mukamamva anthu akutamanda mawu a ma tube pa besi, nthawi zambiri akunena mawu a SVT kapena B-15.

Nanga solid-state

Solid-state ndi ampu yomwe m'malo mwa mabotolo muli ma transistor, tizidutswa ta silicon tomwe timagwira ntchito yomweyo yolola kamagetsi kakang'ono kulamulira magetsi aakulu, koma popanda kutenthetsa kanthu komanso popanda galasi. Transistor inapangidwa ku Bell Labs mu 1947. Poti imagwira ndi mavoti ochepa, imatha kukankha sipika mwachindunji popanda thiransifoma yomasulira ija. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera Acoustic 360, ndipo amene amati solid-state ndi ya osadziwa kuyimba azikumbukira kuti akatswiri a besi Jaco Pastorius ndi John Paul Jones wa Led Zeppelin ankayimbira imeneyi. M'zaka za m'ma 1980 Gallien-Krueger ya ku America ndi Trace Elliot ya ku England zinadzaza masiteji, osaiwalanso Peavey yomwe ambiri a ife taikumanapo nayo m'matchalitchi ndi m'maholo a ukwati.

Apa pali pena pomwe anthu amasokoneza, solid-state ili mitundu iwiri ikuluikulu. Yakale ija amati Class AB, imakhala ndi thiransifoma yaikulu ya magetsi olowa ndi zitsulo zoziziritsira, nde nayonso si yopepuka kwenikweni, makilogalamu 10 kapena 15 n'zachizolowezi. Yatsopanoyi amati Class D, ndipo D ameneyu sakuimira digital ngati momwe ambiri amaganizira. Mu Class D ma transistor sakhala otseguka pang'onopang'ono, amangoyaka n'kuthima kambirimbiri, maulendo mazana a masauzande pa sekondi, kenako kasefa kamasalaza zonsezo kuti zibwerere kukhala mawu. Mwanjira imeneyi pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi amapita ku sipika, pomwe Class AB imataya pafupifupi theka ngati kutentha. Ndi chifukwa chake Aguilar Tone Hammer 500 imalemera makilogalamu osakwana 2, ndipo makampani ngati Markbass ya ku Italy, TC Electronic ya ku Denmark ndi Darkglass ya ku Finland anatchuka ndi timaampu tonyamula ndi dzanja limodzi.

Kamvekedwe, pomwe pali mkangano weniweni

Choyamba chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti pa voliyumu yotsika, ampu yabwino ya tube ndi yabwino ya solid-state zimamveka mofanana kwambiri, ndipo kusiyana komwe mungamve kumachokera kwambiri pa kapangidwe ka preamp ndi bokosi la masipika. Kusiyana kwenikweni kumatulukira mukayandikira malire a ampu.

Ampu iliyonse ili ndi pomwe imathera. Taganizirani thumba ndi ndowa. Mukamathira chimanga m'thumba, likayamba kudzaza limafutukukabe pang'ono, mumatsendera, limalolabe, ndipo mumadziwiratu kuti latsala pang'ono kukana. Ndowa ilibe zimenezo, imalandira bwinobwino mpaka pakamwa, kenako zonse zowonjezera zimangotayika pansi. Tube ndi thumba, ikayandikira malire imayamba kupanikiza mawu mwapang'onopang'ono, nsonga za mawu zimabulungika, mawu amanenepa n'kuyamba kusasa mokoma, ndipo woyimba amamva m'zala kuti ampu ikumuyankha, akamenya mwamphamvu ikubangula akamenya mofewa ikuyera. Transistor ndi ndowa, imakhala yoyera mpaka pa malire, ikangodutsa pamenepo imadula nsonga za mawu mwankhanza ndipo zimamveka ngati sipika yang'ambika. Kudula kumeneku amati clipping. Ma ampu amakono ambiri anaikamo kachipangizo koletsa kufika pamenepo, limiter, ndipo ena anapangidwa dala kuti azitsanzira kabulungidwe ka tube, nde nkhanza zija masiku ano mumazimva kwambiri pa ma ampu otchipa kapena akale okankhidwa mopyola.

Kusasa kuja kuli ndi phindu lina lomwe ndimaona kuti anthu salilabadira. Ampu ikamabulunga mawu imawonjezera mawu ena apamwamba ochokera pa mawu oyamba aja, pa E wa 41 pamabwera 82, 123, 164 mpaka m'mwamba, amenewa amati ma harmonic. Foni kapena kawailesi kakang'ono sikangatulutse 41 ngakhale mutatani, koma khutu likamva ma harmonic aja ubongo umadzazitsa wokha mawu otsikawo. Nde besi yosasa pang'ono imamveka pa foni, pomwe besi yoyera kwambiri yodalira kugunda kwa pansi imasowa, ndipo poti nyimbo zambiri masiku ano anthu amamvera pa foni, opanga nyimbo m'masitudiyo amaiwonjezera dala. Mudzamvanso ena akunena kuti tube imatulutsa ma harmonic okoma okhaokha pomwe transistor imatulutsa oipa okhaokha, zoona zake n'zosakanikirana kuposa pamenepo, chifukwa ma power amp akuluakulu a tube amalumikizidwa mwa njira yoti ena akukankha ena akukoka ndipo njira imeneyi imafafaniza ambiri mwa ma harmonic omwe amatamandidwawo.

Pali zina ziwiri. Mukamenya nsambo mwamphamvu pa ampu ya tube magetsi am'kati amatsika pang'ono kwa kanthawi kenako n'kubwerera, nde noti imayamba mofewa kenako n'kufufuma, azungu amati sag. Komanso tube siigwira sipika mwamphamvu, noti ikatha sipika imapitirirabe kugwedezeka pang'ono, mawu otsika amamveka otakasuka. Solid-state imaigwira sipika zolimba, ikati ima imaimadi. Kwa woyimba rock kapena blues kutakasuka kuja ndiye kukoma kwake. Koma kwa amene amathamangitsa zala ngati mu sungura ya ku Zimbabwe kapena kalindula wa ku Zambia, kapena slap, kumenya nsambo ndi chala chachikulu kuja, ya nyimbo zauzimu zamakono pa besi ya nsambo 5, noti iliyonse imafunika kumveka payokha ndipo kugwira zolimba kuja kumathandiza. A reggae ali pakati, amafuna mawu akuya onenepa, ndipo amenewo mutha kuwapeza mbali zonse bola mawatsi ndi masipika zikhale zokwanira.

Kodi mawatsi a tube ndi amphamvu kuposa enawo?

Watsi ndi watsi, palibe wa tube kapena wa transistor. Chimachitika n'chakuti ampu ya tube mutha kuikankha kupyola malire ake koma ikumvekabe bwino, ndipo mawu opanikizidwa aja khutu limawamva ngati okwera, pomwe ya solid-state mumayenera kuisiyira malo kuti isafike pa clipping. Nde ya tube ya mawatsi 100 imaoneka ngati ikulimbana ndi ya solid-state ya 200 kapena 300.

Komanso mawatsi amanamiza. Kuchulukitsa mawatsi kawiri kumangokweza mawu ndi ma decibel 3 pa muyeso wa kukwera kwa mawu, zomwe zimamveka koma osati kwambiri, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri pamafunika mawatsi ochuluka ka 10. Nde kusiyana kwa ampu ya 300 ndi ya 500 si kwakukulu monga manambala akuonetsera. Chomwe chimasintha zinthu kwambiri ndi bokosi la masipika, kuwonjezera bokosi lachiwiri kumamveka kuposa kuwonjezera mawatsi pa bokosi limodzi lomwelo. Ndipo samalani ndi manambala olembedwa pa katoni, funani pomwe alemba RMS, omwe ndi mawatsi otuluka mosalekeza, chifukwa alipo ena amalemba peak kapena PMPO ngati zija za ma home theatre olembedwa mawatsi masauzande koma akulephera kudzaza pabalaza.

Ma ohm, pomwe ma ampu ambiri amapsera

Ichi ndiye muwerenge kawiri. Bokosi lililonse la masipika lili ndi nambala ya ma ohm, nthawi zambiri 8 kapena 4, yomwe imasonyeza momwe likukanizira magetsi. Mukalumikiza mabokosi awiri a 8 pa ampu imodzi zimakhala 4, awiri a 4 zimakhala 2. Ma ampu awiriwa amaopa zinthu zosiyana.

Ya solid-state imaopa ma ohm ochepa. Kumbuyo kwake amalemba malire, kawirikawiri 4, ndipo mukatsika pamenepo imatentha, n'kuzithimitsa yokha kapena kupsa. Zimachitika kwambiri pa misonkhano ya panja pomwe anthu amangolumikiza bokosi lililonse lomwe lapezeka kuti mawu afike kutali. Dziwaninso kuti mawatsi olembedwa aja amatuluka pa 4, nde ampu ya 500 mukaipatsa bokosi limodzi la 8 ikupatsani mwina 250 kapena 300 basi. Koma kuiyatsa popanda sipika kwa ambiri a iwo palibe vuto.

Ya tube ndi yosemphana, musaiyimbire popanda sipika. Mphamvu ija ikasowa kopita imabwerera mu thiransifoma n'kuiwotcha, ndipo thiransifoma imeneyo ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri mu ampu yonse. Waya wa sipika akangosololoka pakati pa nyimbo ndi ngozi yomweyo. Imafunanso kuti ma ohm a bokosi agwirizane ndi pomwe mwalowetsa kapena pomwe mwaika switchi kumbuyo, ubwino wake ikagwirizana imatulutsa mawatsi ake onse kaya ndi pa 4 kaya pa 2. Ndipo mbali zonse, waya wa gitala si waya wa sipika ngakhale mitu yake ikufanana, wa gitala ndi wopyapyala m'kati ndipo amatha kutentha.

Msana, magetsi ndi wokonza

Apa ndi pomwe nkhani ya kwathu imasiyana ndi ya munthu wa ku London kapena Nashville. Bandi yaikulu ya kunja ili ndi anthu olembedwa ntchito yonyamula zida ndi mabokosi a matayala. Inu ngati zida zimakwera minibasi kapena kumbuyo kwa lole pa msewu wafumbi wa mabampu, dziwani kuti ma tube ndi magalasi okhala ndi tizitsulo tosalimba m'kati, ndipo amavulala msanga akagwedezeka akadali otentha, nde mukamaliza kuyimba muyenera kuisiya izizire kaye. Poyatsa napo imafuna kudikira mwina theka la mphindi kapena mphindi imodzi isanayambe ntchito, ndi ntchito ya switchi yolembedwa standby.

Ma tube amathanso ngati mababu. Ang'onoang'ono a preamp amakhala zaka zambiri, koma akuluakulu aja kwa woyimba pafupipafupi amatopa pakapita chaka kapena zaka zochepa, mawu amayamba kufooka, ndipo posintha simungogula imodzi, amafunika oyezedwa kuti ndi ofanana mphamvu, kenako mmisiri ayeze n'kukonza magetsi omwe akudutsamo ikakhala chete, zomwe amati bias. Mafakitale opanga ma tube atsala ochepa padziko lonse, JJ Electronic ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia yomwe imapanga Sovtek, Electro-Harmonix ndi Tung-Sol, ndi ena ku China. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 ma tube anasowa kwa kanthawi ndipo mitengo inakwera kwambiri. Kwa munthu wa ku Mzuzu kapena Chipata ndiye kuti kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, n'kudikira.

Magetsi nawo. Tube imodzi ya 6550 imadya pafupifupi mawatsi 10 pongotenthetsa kawaya kake, nde 6 ndi mawatsi 60 musanamenye noti ndi imodzi yomwe, osawerengera zina zonse. Ngati mumadalira kajenereta kakang'ono kapena sola ndi inveta magetsi akathima, Class D imakupeputsirani kwambiri. Koma musaganize kuti ndi yosafa, magetsi akamabwera mokwera mwadzidzidzi timabolodi take timapsa msanga, nde kachipangizo kotchinjiriza ndi kofunika pa ampu ya mtundu uliwonse. Chinanso, ku Malawi, Zambia, South Africa ndi UK magetsi ndi a mavoti 230, ku America ndi 120. Ampu yochokera ku America muyang'ane kaye kumbuyo musanailowetse pa soketi, ena ali ndi switchi yosinthira, ena amalandira onse awiri, koma ambiri makamaka a tube ndi a 120 okha ndipo amafuna thiransifoma yotsitsira yamphamvu zokwanira.

Pa kukonza, zinthu zimatembenuka modabwitsa. Ampu yakale ya tube ili ndi zida zikuluzikulu zooneka ndi maso ndipo mmisiri wodziwa atha kuikonza kwa zaka makumi ambiri, vuto ndi kumupeza mmisiriyo ndi ma tube ake. Class D siwonongeka kawirikawiri koma ikapsa, tizida take ndi tating'onoting'ono toti nthawi zambiri amangosintha bolodi lonse, ndipo bolodilo likapanda kupezeka ndiye kuti basi. Yomwe ili pakati ndi Class AB yakale ija, yolemerako inde, koma mmisiri wabwino wa mawailesi ndi ma ampu a disiko amaidziwa ndipo ma transistor ake savuta kwambiri kupeza. Ichi n'chifukwa china chomwe ma Peavey akale akadalirabe m'matchalitchi.

Ndipo chonde, musatsegule ampu ya tube nokha. M'katimo muli mavoti oposa 600 pa ma ampu akuluakulu, ndipo ma capacitor amasunga magetsiwo ngakhale mutazula pulagi. Amapha.

Zosakaniza, ndi nkhani ya mikisa

Opanga anaona kalekale kuti anthu akufuna zonse ziwiri, nde kunabwera ma ampu osakaniza omwe amati hybrid, preamp ya tube koma power amp ya transistor. SWR anayamba nazo m'zaka za m'ma 1980, Hartke HA3500 ili ndi preamp ziwiri ya tube ndi ya transistor zoti mutha kusakaniza, Orange Terror Bass ili ndi ma tube kutsogolo ndi Class D ya mawatsi 500 kumbuyo. Katube ka preamp kamaperekadi kakunenepa kena, sikafuna bias, kamakhalitsa, ndipo malamulo a ma ohm ndi a solid-state. Koma kunena zoona kubangula kwa SVT kumachokera kwambiri mu power amp ndi thiransifoma yake, nde hybrid imakufikitsani pafupi osati penipeni. Onaninso kuti pali ma ampu ena omwe katube kanaikidwamo kuti kazingowala pa windo, ntchito yake yochepa.

Njira ina ndi kabokosi koponda ndi phazi kotsanzira mawu a tube, kotchuka kwambiri ndi SansAmp Bass Driver ya Tech 21, yomwe ilibe tube ngakhale imodzi koma yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'masitudiyo ndi pa masiteji kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ndipo apa pali mfundo yomwe imachepetsa mkangano wonse. Pa zoyimba zikuluzikulu, ngakhalenso m'matchalitchi ambiri omwe ali ndi masipika akuluakulu, besi imatumizidwa ku mikisa kudzera pa DI, kabowo ka mapini atatu kotumizira mawu mwachindunji. Mawu amenewa nthawi zambiri amatengedwa asanafike ku power amp. Ndiye kuti anthu akumva gitala yanu, preamp ndi masipika a holo, pomwe ma tube 6 omwe munathyokera msana mukuwamva ndinu nokha ndi wa madiramu, pokhapokha ngati wa mikisa waika maiki patsogolo pa bokosi lanu. Izi sizikutanthauza kuti ndi zachabe, woyimba akamamva bwino amayimbanso bwino, koma ndi bwino kudziwa chomwe mukulipirira.

Nde musankhe iti

Zimatengera komwe mumayimba. Ngati ampu izikhala malo amodzi monga mu situdiyo, magetsi ndi odalirika, mumakonda mawu onenepa osasa ndipo m'thumba muli kanthu kosinthira ma tube, ya tube ikupatsani chinthu chomwe zinazi zimangotsanzira, ndipo mu situdiyo simufunanso ya 300, ya mawatsi 30 kapena 50 imafika pokoma paja isanagonthetse anthu. Ngati mumayenda ndi zida sabata iliyonse, lero ukwati mawa msonkhano, kapena ampu ndi ya mpingo yoti aliyense amaigwira, ngakhale ana a kwaya omwe sadziwa za standby ndi ma ohm, solid-state ya mawatsi 300 mpaka 500 yokhala ndi DI imakhululuka zambiri. Wophunzira kunyumba kombo yaying'ono, ija ampu ndi sipika zili m'bokosi limodzi, ya mawatsi 25 mpaka 40 ndi yokwana, bola ikhale ya besi, chifukwa sipika ya ampu ya gitala wamba mukaikankha ndi besi imatha kung'ambika.

Ambiri timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, nde poyesa tengani besi yanu yomwe ndi waya wanu, ndipo musangoyimba motsitsa kwa mphindi ziwiri, kwezani mpaka pomwe mumayimbira ndi bandi ndipo muisiye iyake kwa kanthawi chifukwa zovuta zambiri zimatuluka ikatentha. Zungulitsani tozungulitsa tonse mumve ngati tikukhwekhwereza, menyani nsambo yaikulu mumve ngati bokosi likunjenjemera kapena sipika ikukhula, onani ngati fani ikuzungulira, yesani DI pa mikisa. Pa ya tube suzumirani kumbuyo kuli mdima pang'ono, kawaya kowala mofiirira m'kati ndi kabwinobwino, koma chitsulo chachikulu cham'kati chikamafiira ngati khala thimitsani pomwepo, ndipo tube yomwe pamwamba pake payera ngati ufa m'malo mwa kunyezimira ngati siliva ndiye kuti yalowa mpweya, yatha. Mufunsenso mwini wake kuti ma tube akuluakulu anasinthidwa liti, ngati sakudziwa, mtengo wa ma tube atsopano ndi wa mmisiri muuchotseretu pa ndalama yomwe mukukambirana.